Gulugufe wovala za mnzake: kodi Namalenga adalenga bodza?

Msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere umatsitsa munthu kuchokera ku mphepo yozizira ya ku Dedza n'kumufikitsa pa Golomoti, m'chigwa chotentha cha kunyanja. Pakati pa malo awiriwa, m'mbali mwa mitsinje yotsika m'mapiri monga Livulezi ndi Nadzipokwe, mudakali timizere ta mitengo yowirira momwe dzuwa sililowa kwenikweni. Malo otere ndi amene amawakonda gulugufe wina wamkulu amene akatswiri adamutcha Papilio dardanus, wopezeka m'nkhalango zambiri za Africa kumwera kwa Sahara, Malawi yemwe. Wamwamuna savuta kumudziwa: mapiko ake ndi achikasu chotuwira, m'mphepete mwake mwakuda, ndipo phiko lililonse lakumbuyo lili ndi kamchira. Wamkazi ndiye ali ndi nkhani. Kuno kwathu alibe timichira, ndipo safanana n'komwe ndi mwamuna wake. Wina amakhala wakuda wa zigamba zikuluzikulu zoyera, wina wofiirira ngati dothi la katondo koma nsonga za mapiko zili zakuda, wina wakuda wa timadontho ndi chigamba chachikasu kumbuyo. Akatswiri oyamba a ku Ulaya adawapatsa mayina osiyanasiyana poyesa kuti ndi mitundu yosiyana, kufikira mu 1869 pamene Roland Trimen wa ku Cape Town adalemba kuti onsewa ndi akazi a gulugufe mmodzi, ndipo aliyense wavala maonekedwe a gulugufe wa mtundu wina amene mbalame zimamupewa. Ambiri sadakhulupirire, mpaka anthu ena ku South Africa ataweta mazira a wamkazi mmodzi n'kuona ana aakazi a maonekedwe osiyana akutuluka mwa mayi mmodzimodziyo.

Agulugufe amene akutsanziridwawo ndi a mitundu ya Amauris ndi Danaus. Mbozi zawo zimakulira pa zomera za utomoni woyera ngati mkaka, zambiri mwa izo zaululu, ndipo gulugufe wotulukamo amakhala wowawa, nthawi zina wosanzitsa. N'chifukwa chake sauluka mothawa ayi. Amayandama pang'onopang'ono poyera, mapiko ake owala akulengeza kuti wondidya adzanong'oneza bondo. Mbalame siibadwa ikudziwa zimenezi. Imaphunzira polawa, ndipo ikalawa kamodzi kapena kawiri imakumbukira maonekedwewo. Charles Swynnerton, amene ankakhala pafupi ndi nkhalango ya Chirinda kum'mawa kwa Zimbabwe, adatha zaka kuyambira 1908 mpaka 1913 akupatsa mbalame agulugufe osiyanasiyana n'kumalemba amene zikudya ndi amene zikukana, ndipo adaona kuti mbalame zimasankhadi. Mbozi ya Papilio dardanus imadya masamba a mitengo ya m'banja la mandimu ndi malalanje, ndipo gulugufe wake mbalame imatha kumudya popanda vuto. Chimene chimateteza wamkaziyo ndi chovala cha eni ake basi. Henry Walter Bates ndiye adayamba kufotokoza mchitidwe umenewu mu 1862, atakhala zaka 11 m'nkhalango za Amazon. Makolo adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma apa zatembenuka: kunja kukuti kuwawa, m'kati muli ndiwo yabwinobwino.

Funso likubwera lokha kwa aliyense wopemphera. Mkhristu amawerenga pa Numeri 23:19 ndi pa Tito 1:2 kuti Mulungu sanganame. Msilamu amaphunzitsidwa kuti palibe wonena zoona kuposa Mulungu. Wa mwambo wa makolo sadamvepo kuti Chauta, mwini mvula, n'kamberembere. Nanga bwanji m'chilengedwe cha Mulungu ameneyu muli cholengedwa chimene moyo wake wonse wagona pa kunena chinthu chimene sichili choncho? Yankho loyamba limene limabwera msanga n'lakuti gulugufe alibe cholinga. Augustine wa ku Hippo, polemba za bodza cha m'ma 395, adaphunzitsa kuti wabodza ndi amene ali ndi china mumtima koma n'kutulutsa china pofuna kusocheretsa mnzake. Gulugufe sadziwa n'komwe maonekedwe a mapiko ake, sadasankhe, ndipo sadzaimirira pa chiweruzo chifukwa cha iwo. Izi n'zoona, koma mlanduwo wangosuntha. Ngati wovalayo alibe mlandu, tifunsa amene adasoka chovalacho. Yankho lachiwiri, limene limamveka m'maulaliki ena, n'lakuti zonse zotere zidabwera ndi uchimo wa Adamu kapena ndi Satana. Ili n'loopsa kuposa funso lenilenilo, pakuti likupatsa mdani luso lolenga. Munthu akayang'anitsitsa phiko la wamkazi wakuda ndi woyera uja pambali pa la Amauris niavius, n'kuona momwe chigamba chilichonse chakhalira pamalo pake, sangatche ntchito imeneyo chivundi. Komanso Salimo 104 ndi machaputala omaliza a Yobu amaonetsa Mulungu akudyetsa mkango ndi chiwombankhanga popanda manyazi. Baibulo silipereka nkhalango kwa wina.

Tisathawirenso kunena kuti gulugufeyu akungobisala. Kubisala kulipo, ndipo aliyense amene ali ndi mtengo wa mandimu pakhomo angakuone. Pa masamba anthete pamakhala kambozi kakuda ndi koyera konyezimira, kofanana ndendende ndi chitosi cha mbalame. Ndi mwana wa gulugufe wina wa m'banja lomweli, Papilio demodocus. Kakakula kamasanduka kobiriwira ngati tsamba, ndipo mukakakhudza kamatulutsa kumutu kanthu kofiirira ka mphanda konunkha. Wobisala amafuna asaonedwe, sapempha aliyense kuti amukhulupirire. Palinso kuvala nkhope ina kumene si bodza. Ku Mua, pang'ono kumpoto kwa Golomoti, ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri panali kusamvana kwakukulu pakati pa mishoniyo ndi nyau, zimene Ian Linden adazilemba m'buku lake la mu 1974. Ambiri mwa amishoni a nthawiyo ankangoona chinyengo m'zigoba. Pamalo omwewo Bambo Claude Boucher adayambitsa likulu la KuNgoni mu 1976, ndipo lero nyumba ya Chamare ikusunga zigoba mazanamazana za Gule Wamkulu pamodzi ndi tanthauzo lake. Chadzunda akafika pabwalo kapena Kasiyamaliro akatuluka pa maliro, mudzi umalandira uthenga woona wa ulemu, wa mwambo ndi wa imfa, m'chilankhulo chimene eni ake adagwirizana. Gulugufe wathu sali m'gulu ili kapena lija. Iye akudzionetsa poyera, akulankhula chilankhulo chimene mbalame idaphunzira movutika, ndipo zimene akunenazo si zoona. Funsolo tiyenera kulisenza lonse ndi kulemera kwake.

Ine ndikuona kuti yankho lili m'mene chinyengocho chimagwirira ntchito. Chovala cha wamkaziyu chilibe mphamvu pachokha. Chimateteza pokhapokha m'nkhalangomo muli Amauris weniweni, wowawadi, amene mbalame zalawa n'kuphunzirapo. Ndipo sikokwanira kuti angokhalapo, ayenera kukhala wochuluka mokwanira. Mbalame yaing'ono ikayamba kusaka n'kupeza kuti mwa agulugufe akuda ndi oyera amene yagwira ambiri ndi okoma, phunziro limene itenge ndi losiyana: iziwathamangitsa dala. Pamenepo chovalacho chimasanduka msampha, chifukwa wochivala akuoneka patali ndipo alibe ululu womuteteza. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha akazi a maonekedwe ambiri aja. Akazi onse akadatsanzira gulugufe mmodzi, akadachuluka kuposa muyeso n'kuwononga chizindikiro chimene akudalira. Pogawikana, ena kwa Amauris niavius, ena kwa Amauris echeria ndi abale ake, ena kwa Danaus chrysippus, aliyense amakhala wochepa pambali pa amene akumutsanzira. Ndipo maonekedwe a akaziwo amasintha malinga ndi dera, kutsata agulugufe owawa amene akupezeka kumeneko. Cyril Clarke ndi Philip Sheppard a ku Liverpool adaweta agulugufewa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 n'kupeza kuti kusiyana konseku kumalamulidwa pamalo amodzi m'chibadwa chawo.  

Zomwezi zimaoneka pa nthengu, mbalame yakuda ya mchira wa mphanda imene imakhala pa nthambi zouma m'minda yathu. Ku chipululu cha Kalahari, Tom Flower ndi anzake adafalitsa mu 2014 zimene adaona: nthengu imatsatira tinyama tofanana ndi msulu totchedwa meerkat pamodzi ndi mbalame zina, ndipo ikaona mphamba imalira mochenjeza, onse n'kuthawa. Chenjezo limeneli n'loona ndipo limapulumutsa. Koma nthawi zina, kanyama kakafukula chakudya chonona, nthengu imalira chenjezo lomwelo popanda mdani, kanyamako n'kutaya chakudya, iyo n'kutola. Onyengedwawo akayamba kuzolowera, imasintha kulira n'kutengera chenjezo la mtundu wina. Nthengu yosanena zoona n'kamodzi komwe ikadagona ndi njala, pakuti palibe akadathawa. Choncho m'nkhalango ndi m'chipululu lamulo ndi limodzi: chizindikiro choona chingakhalepo popanda chabodza, koma chabodza sichingakhalepo popanda choona. Amauris angakhale m'nkhalango mopanda womutsanzira, moyo wake n'kuyenda bwino koposa. Womutsanzirayo, akachoka Amauris, watsala pamtetete. Augustine yemwe uja ankaphunzitsa kuti choipa chilibe thupi lakelake, ndi kuperewera kapena kudyeka kwa chinthu chabwino, monga bala silingakhalepo popanda mnofu. Sadaonepo gulugufe ameneyu, koma mapiko ake akuchitira umboni mfundo imeneyo bwino kuposa mabuku ambiri.

Tsono chimene Namalenga adalenga n'chiyani? Adalenga dziko limene zizindikiro zili ndi tanthauzo, ndiponso zolengedwa zotha kuphunzira ndi kukumbukira. Mbalame yosaphunzira siinganyengedwe, komanso siingachenjezedwe. Ikadadya Amauris aliyense n'kumasanza tsiku ndi tsiku mpaka kufa. Mphatso imene ikuilola kupewa ululu italawa kamodzi ndi yomweyo imene ikutsegula khomo kwa wotsanzira. Kupempha dziko lopanda mpata wa chinyengo ndi kupempha dziko lopanda chikhulupiriro, momwe chilichonse chiyenera kulawidwa mwatsopano nthawi zonse, momwe mwana sangamvere chenjezo la make ndipo mlimi sangadalire mitambo. Dziko lotero silikhala loona kuposa lathu, limangokhala losalankhula. Mulungu sadanamize mbalame, pakuti chimene chilengedwe chidaiphunzitsa, choti maonekedwe akutiakuti amayenda ndi kuwawa, ndi choona nthawi zambiri, ndipo pamene chasiya kukhala choona mbalame imatha kuphunziranso. Dongosolo lonselo limadzikonza lokha kubwerera ku choonadi, ndipo wolangidwa woyamba chinyengo chikachuluka ndi wonyengayo.

Wasayansi angatsutse kuti zonsezi n'kukometsera chabe. Iye angati palibe adasoka chovala chilichonse: akazi amene adafanako pang'ono ndi Amauris adapulumuka n'kuikira mazira ambiri, amene sadafane adadyedwa, ndipo patapita mibadwo yosawerengeka kufananako kudafika pamene kuli lero. Ndikuvomereza kufotokoza kumeneku konse, ndipo wokhulupirira sapindula kanthu pokukana, chifukwa umboni wake ndi wolimba ndipo ukuoneka m'mazira amene Clarke ndi Sheppard adaweta. Koma kudziwa njira imene chinthu chidabwerera sikuthetsa funso la mtundu wa dziko limene njirayo ikugwiramo ntchito. Charles Darwin mwini, m'kalata yake kwa Asa Gray mu 1860, adavutika mumtima ndi mavu ena amene amaikira mazira m'thupi la mbozi yamoyo, ndipo adaulula kuti zimamuvuta kuona dzanja la Mulungu wachifundo pamenepo, komabe sadafune kunena kuti zonse n'zangozi. Ine sindikuyesa kutsimikiza kuti Mulungu alipo pogwiritsa ntchito phiko la gulugufe. Ndikunena chochepa chabe, koma cholimba: phiko limeneli silingakhale mboni yoneneza Mulungu kuti ndi wabodza. Ndipo mfundo yoti chabodza chimadyera choona ndi imene wasayansi ndi wopemphera onse ayenera kuivomereza, pakuti wasayansiyo ndiye adaiwerengera n'kuipeza.

Wina angabwere mbali ina n'kunena kuti, ngati zili choncho, kunama n'chilengedwe, ndipo munthu wonyenga akungotsata zimene nkhalango ikuchita. Maganizo awa si achilendo pakati pathu. Tidakula tikumuombera m'manja Kalulu m'nthano, ndipo pamsika munthu wobera ena mochenjera ena amamutcha wochangamuka. M'nyanja yathu momwemu muli nsomba imene asodzi amaitcha kalingono, Nimbochromis livingstonii, ya mawangamawanga ngati nsomba yoyamba kuwola. Imagona chammbali pamchenga ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzajompha mtembowo, iyo n'kudzambatuka kutimeza. Kenneth McKaye adafotokoza mchitidwe umenewu mu 1981 atauona ku Cape Maclear. Chinyengo chilipodi paliponse pamene pali maso ndi makutu. Koma kuti chinthu chikuchitika m'chilengedwe sizitanthauza kuti munthu azichita. Nkhalango ilinso ndi nyama zodya ana azo, ndipo palibe amazitenga ngati chitsanzo. Chimene chilengedwe chingatiphunzitse pa nkhaniyi ndi mtengo wake wa chinyengo ndi amene amaulipira, ndipo apa ndi pamene anthu timadzinamiza kwambiri. Timati bodza laling'ono silipweteka munthu. Gulugufe akusonyeza kuti limapweteka amene sali n'komwe pamalopo. Wotsanzira aliyense amene mbalame yamudya n'kumumva kukoma amafooketsa phunziro lija, ndipo mbalameyo imabwerera kukalawanso Amauris. Woonayo ndiye amathyoledwa mapiko chifukwa cha bodza la wina.

Alimi a chigwa cha Bwanje ndi madera ozungulira Golomoti safuna wowafotokozera zimenezi. Mvula ikayandikira, m'misika ya dziko lino mumapezeka chimanga wamba chopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, chothiridwa m'mapaketi ofanana ndi a mbewu yeniyeni. Wogulitsayo sakadapeza wogula pakadapanda makampani ndi ogulitsa oona amene kwa zaka zambiri adaphunzitsa mlimi kuti paketi yotere ndi utoto wotere zikutanthauza mbewu yomera bwino. Iye akukolola pamene sadalime. Wovulala woyamba ndi mlimi amene adzaone mizere ya mapesi onyozoloka mu February, nthawi yobzalanso itapita kale. Koma wovulala wachiwiri, amene sitimuwerengera, ndi wogulitsa woona wa pa golosale yoyandikana, amene chaka chotsatira adzayang'anidwa ndi diso lokayika ngakhale katundu wake ali wabwino. Wachitatu ndi mudzi wonse, umene tsopano uyenera kukayikira paketi iliyonse, kapena kubwerera kubzala za m'nkhokwe poopa kuberedwanso. Ndipo achinyengo akachuluka mokwanira, msika womwewo umene ankadyerapo umatha. Kusiyana kwa munthuyu ndi gulugufe n'kwakuti iye akudziwa. Augustine adamasula gulugufe chifukwa alibe cholinga, ndipo chifukwa chomwecho ndi chimene chikumanga wopaka utoto uja.

Kutsutsa kovuta koposa n'kwa anthu amtima wabwino. Iwo angati: gulugufe wamkaziyo ndi wofooka, wolemedwa ndi mazira, ndipo akunyenga womudya, nanga wofooka saloledwa kunamiza wamphamvu kuti apulumuke? Baibulo lomwe likuoneka ngati likuwavomereza. Pa Eksodo 1, azamba awiri, Sifra ndi Puwa, adalamulidwa ndi Farao kupha ana aamuna a Aheberi. Sadamvere, ndipo atafunsidwa adapereka chifukwa chopeka, koma Mulungu adawadalitsa. Pa Yoswa 2, Rahabi adabisa azondi n'kusocheretsa owafuna. Augustine adaumirira kuti ngakhale pamenepa bodza silidali labwino, kuti Mulungu adayamikira chifundo chawo osati kunamako, ndipo Immanuel Kant mu 1797 adafika ponena kuti munthu sayenera kunamiza ngakhale chigawenga chofunsa kumene wabisala mnzake. Apa sindingawatsate mpaka kumapeto. Choonadi ndi ngongole imene timakhala nayo kwa anzathu chifukwa tikukhalira limodzi mokhulupirirana, ndipo wobwera ndi mpeni wadzichotsa yekha m'pangano limenelo. Farao sadali woyenera kuuzidwa kumene kuli makanda, monga mbalame siiyenera kuuzidwa gulugufe wokoma. Komabe onani kuti ngakhale pamenepa lamulo lija silidagwe. Farao adamvera azambawo chifukwa mawu a mzamba amakhulupiririka, ndipo amakhulupiririka chifukwa azamba osawerengeka adanena zoona pa ntchito yawo. Sifra ndi Puwa adatapa m'nkhokwe imene ena adadzaza, ndipo adatapa kuti apulumutse moyo wa ana a anthu ena, mitu yawo ili pachiswe. Nkhokwe yotere ingatapidwe tsiku la njala yeniyeni, koma ikamatapidwa tsiku lililonse sidzakhalapo pa tsiku limenelo.

N'chifukwa chake nkhani ya Yakobo ili yosiyana ndi ya azamba, ngakhale kuti ndi imene ikufanana kwambiri ndi gulugufe wathu. Pa Genesis 27 Yakobo adavala zovala za Esau, n'kukulunga zikopa za mbuzi m'manja ndi m'khosi, kuti bambo wake wakhungu, Isake, amuyese mkulu wake. Adadyera fungo ndi ubweya wa Esau, zizindikiro zimene Isake adazidziwa kwa zaka zambiri. Koma wonyengedwayo sadali mdani wofuna kumupha, adali bambo wake, munthu amene adayenera kumva zoona kwa iye kuposa wina aliyense, ndipo chimene Yakobo ankafuna sichidali kupulumuka koma gawo la mbale wake. Wolemba nkhaniyo sakulalikira, akungotsatira zotulukapo. Banja lidasweka, Yakobo adathawa, ndipo ku Harani Labani adamupatsa Leya usiku m'malo mwa Rakele, wina atavala malo a mnzake monga iye adachitira. Atakalamba, ana ake adamubweretsera mkanjo wa Yosefe woviikidwa m'magazi a mbuzi. M'nyumba imene chovala chidanamizapo kamodzi, palibe chovala chimene chidakhulupiririkanso. Ambiri a ife tikanama timadziyesa azamba, koma tikafunsidwa mafunso awiri, amene tikumunamizayo ndani ndipo chimene tikupulumutsacho n'chiyani, timapezeka tili kumbali ya Yakobo: tikunamiza kasitomala, mkazi kapena mwamuna wathu, wotilemba ntchito, wovota, anthu amene adatikhulupirira, ndipo chopulumutsidwacho ndi thumba lathu.

Patsala chinthu chimodzi chimene mfundo yangayi siichotsa. Amauris amene wagwidwa chifukwa cha bodza la mnzake wafa ndithu, ndipo ngakhale popanda wotsanzira, mbadwo uliwonse wa mbalame umaphunzira pothyola agulugufe angapo oona. Chizindikiro choona chimagulidwa ndi matupi. Munthu angafunse chifukwa chake Mulungu wabwino adakonza kuti kudziwa kuzibwera ndi mtengo wotere, ndipo funso limenelo ndi la masautso, osati la bodza. Paulo pa Aroma 8 sabisa kuti chilengedwe chonse chikubuula ndi kudikira, ndipo wokhulupirira ali ndi ufulu wobuula nacho osachita ngati zonse zamveka. Koma mafunso awiriwa asasakanizidwe, chifukwa kuwasakaniza ndi kumene kumapatsa wonyenga pothawira. Wopaka chimanga utoto akanena kuti dziko ndi lankhanza ndipo aliyense adye monga angathere, theka loyamba la mawu akewo lili ndi umboni m'nkhalango ya Mua-Livulezi ndi m'nyanja. Theka lachiwiri lilibe, pakuti m'nkhalangomo wotsanzira amakhala ndi moyo pokhapokha ali wochepa pakati pa oona ambiri, pamene iye akuitana aliyense kuti achite monga iye, ndipo onse akamumvera, pa Golomoti sipadzakhala mlimi wogula mbewu ya m'paketi kwa iye kapena kwa wina aliyense.